Kodi Detroit Tigers Isinthanitse Tarik Skubal ndi Anyamata Ongophuka Kumene?

Funso: Ndakhala ku Michigan kuno zaka zisanu tsopano, ndipo anzanga akuntchito andikondetsa masewera a baseball. Timu yathu ndi Detroit Tigers. Chandizunguza mutu ndi ichi: aliyense akuti Tarik Skubal ndiye woponya mpira woposa onse mu ligi, koma anthu omwewo akutinso timu imupereke kwina kuti ilandire anyamata amene sanapondepo mu ligi yaikulu. Kwathu timu ikagulitsa katswiri imalandira ndalama. Kuno zimayenda bwanji? Nanga inu mukuti amupereke kapena ayi?

Yankho: Achimwene, ndikukuyankhani sizoni ya 2025 itangotha, ndipo ine ndikuti asamupereke. Alowe naye sizoni ya 2026, amuike patsogolo, ndipo nkhani yomusinthanitsa aikambe pokhapokha mwezi wa Julayi ukamatha, pamene msika wosinthana osewera umatsekedwa, timu ili kutali ndi anzake. Koma anzanu akuntchitowo sakulankhula zopanda mutu ayi. Mfundo zawo n'zolemera, ndipo kuti muone pamene ine ndikusiyana nawo, tiyambire pa funso lanu loyamba lija.

M'mpira wamiyendo umene tinakulira, timu yaing'ono ikalera katswiri, yaikulu imabwera ndi ndalama n'kumutenga. Ku Major League Baseball, ligi yaikulu ija, matimu onse 30 amasinthana munthu ndi munthu. Ndalama zimangoperekezako pang'ono. Chimene chimapatsa wosewera mtengo pa msika umenewu ndi luso lake kuphatikizapo zaka zimene watsala nazo m'manja mwa timu. Lamulo limati wosewera akalowa mu ligi yaikulu amakhala wa timuyo zaka 6. Zitatu zoyambirira amalandira malipiro otsikitsitsa a mu ligi, amene mu 2025 anali madola 760,000 pa chaka. Zitatu zotsatira malipiro amakwera, ndipo ngati iye ndi timu sakugwirizana, amakawaweruza anthu apadera. Zaka 6 zikakwana, wamasuka. Angathe kupita kumene akufuna, ndipo nthawi zambiri amapita kumene kuli ndalama zambiri.

Ndiye mwaona chifukwa chake mabwana a matimu amachita dovu ndi anyamata a m'matimu ang'onoang'ono. Mnyamata amene akusewera ku Erie kapena ku Toledo, komwe Tigers imakulitsirako ana ake, zaka zake zonse 6 n'zosakhudza. Akaphuka bwino, timu yapeza katswiri wotchipa kwa nthawi yaitali. Skubal yekha watsala ndi chaka chimodzi. Sizoni ya 2026 ikatha adzakhala womasuka, ali ndi zaka 30, atatenga kale mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu American League (theka la ligi yaikulu, kumene kuli Tigers), zaka ziwiri zotsatizana, 2024 ndi 2025. Womaliza kuchita zimenezi mu ligi imeneyi anali Pedro Martínez, mu 1999 ndi 2000. Womuyimira pa zokambirana ndi Scott Boras, munthu wodziwika kuti osewera ake ambiri amawatengera ku msika kuti matimu akalimbirane. Mitengo ya pamsikapo nayo ndi yoopsa. Gerrit Cole anasaina madola 324 miliyoni a zaka 9 ku New York Yankees mu 2019. Yoshinobu Yamamoto anasaina 325 miliyoni a zaka 12 ku Los Angeles Dodgers mu 2023. Skubal akafika pamenepo ali bwinobwino, palibe chifukwa choti avomere zochepera apo.

Anthu a ku Detroit bala limeneli ali nalo kale. Max Scherzer, nayenso wa Boras, anatenga Cy Young ali ku Tigers mu 2013. Timu inamulonjeza madola 144 miliyoni a zaka 6, iye anakana, ndipo sizoni ya 2014 itatha anapita ku Washington Nationals pa 210 miliyoni. Kumeneko anakatenganso Cy Young kawiri ndi chikho cha World Series, chachikulu pa zonse mu baseball, mu 2019. Katswiri akachoka motero, timu yotsala imapepesedwa ndi mwayi umodzi wokha wowonjezera pa draft, pamene matimu amasankha ana asukulu chaka ndi chaka. Los Angeles Angels inakana kusinthanitsa Shohei Ohtani mu Julayi 2023, inalephera kufika m'ndime yachipulula, ndipo Ohtani anasamukira ku Dodgers pa madola 700 miliyoni. Angels inatsala ndi kamwayi ka draft kaja basi. Anzanuwo akamati "tisamutaye ulele," akukumbukira zimenezi.

Mfundo yawo yachiwiri ndi chigongono. Dzanja la munthu silinapangidwe kuti liziponya mpira pa liwiro la makilomita 160 pa ola maulendo pafupifupi 100 masiku asanu alionse. Mtsempha wa m'kati mwa chigongono umaduka, ndipo ukaduka munthu amapita ku opaleshoni yotchedwa Tommy John n'kukhala pansi kopitirira chaka. Skubal anapitako kale ali ku Seattle University, ndipo mu Ogasiti 2022 anachitidwanso opaleshoni ina ya mtsempha wa pamkono womwewo. Cole anapitako mu Malichi 2025. Corbin Burnes anasaina 210 miliyoni ku Arizona ndipo mu Juni wa chaka choyamba chomwecho chigongono chinakana. Stephen Strasburg atasaina 245 miliyoni kumapeto kwa 2019 anangoponyako zigawo zopitirira 31 pang'ono m'zaka zonse zotsatira (gemu imodzi imakhala ndi zigawo 9). Choncho amene akuti "mugulitseni akadali wamphumphu" si amantha chabe. Tsiku limodzi la mu Meyi lingathe kufafaniza mtengo wake wonse.

Pali matimu amene anachita zimene anzanu akufunazi n'kudya bwino. Mu 2002 Cleveland inapereka Bartolo Colón ku Montreal Expos n'kulandira Cliff Lee, Grady Sizemore ndi Brandon Phillips. Onse atatu anadzakhala akatswiri, ndipo Lee anatenga Cy Young mu 2008. Mu Disembala 2010 Kansas City Royals inapereka Zack Greinke ku Milwaukee n'kulandira anyamata anayi, mwa iwo Lorenzo Cain ndi Alcides Escobar. Awiriwa anali nsanamira za timu imene inafika mu World Series mu 2014 n'kutenga chikho mu 2015. Nkhani ziwirizi mudzazimva kawirikawiri pa wailesi, chifukwa n'zokoma kufotokoza.

Zimene sizikoma kufotokoza ndizo zambiri. Minnesota Twins inapereka Johan Santana, wa ma Cy Young awiri ngati Skubal, wotsala ndi chaka chimodzi ngati Skubal, ku New York Mets kumayambiriro kwa 2008. Inalandira Carlos Gómez, Philip Humber, Kevin Mulvey ndi Deolis Guerra. Palibe mmodzi mwa iwo amene anaithandiza kwenikweni Minnesota. Gómez anadzaphuka ndithu, koma atavala kale malaya a Milwaukee. Chaka chomwecho Twins inamaliza masewera 162 ili yofanana ndi Chicago White Sox, inasewera gemu imodzi yolekanitsa, n'kugonja 1 kwa 0. Tangoganizani Santana akanakhalapo chaka chimenecho.

Ndipo simukusowa kupita kutali. Funsani mnzanu aliyense amene wakhala nthawi ku Detroit za usiku wa pa 31 Ogasiti 2017, pamene Justin Verlander anaperekedwa ku Houston Astros kutatsala mphindi zochepa kuti nthawi yomaliza yosinthana, malinga ndi malamulo a masiku amenewo, ithe. Tigers inalandira Franklin Pérez, Daz Cameron ndi Jake Rogers. Pérez ndiye anali mutu wa katunduyo, mnyamata woponya amene olemba nkhani ankamuika pa mndandanda wa ana olonjeza kwambiri m'dziko lonse. Anavulala, navulalanso, ndipo sanaponyepo mpira ngakhale umodzi mu ligi yaikulu. Cameron anasewerako pang'ono osakhazikika. Rogers yekha, amene ankaoneka ngati wongoperekeza, ndiye anakhala wogwira mipira wodalirika. Verlander anatenga chikho miyezi iwiri yokha atachoka, kenako ma Cy Young ena awiri mu 2019 ndi 2022. Tigers inagonja masewera 114 mu 2019.

Apa ndi pamene anthu ongoyamba kutsatira baseball amadabwa kwambiri, ndiye ndichedwepo pang'ono. M'mpira wamiyendo mnyamata wa zaka 18 waluso umamuona ndi maso, ndipo sabata yamawa angathe kulowa m'timu yaikulu. Mu baseball pali makwerero aatali. Mwana amayamba pansi, akwere Single-A, High-A, Double-A, Triple-A, zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, ndipo pa sitepe iliyonse ambiri amagwa. Womenya amene ankaphulitsa mipira yowongoka ku High-A amakakumana ndi mipira yokhota ku Double-A, n'kuyamba kumenya mphepo. Woponya wa liwiro loopsa amalephera kulunjika, kapena phewa limamuthawa. Ngakhale akadaulo amene ntchito yawo ndi kuyendayenda kuonera anawa amaphonya kawirikawiri. Cleveland itapereka CC Sabathia ku Milwaukee mu Julayi 2008, dzina limene aliyense ankalitchula linali Matt LaPorta. LaPorta sanapite patali. Amene anadzakhala katswiri ndi Michael Brantley, yemwe dzina lake linatchulidwa mochedwa, sizoni itatha, ngati kambasela. Skubal weniweniyu anasankhidwa mu raundi ya 9 ya draft ya 2018, ana oposa 250 atatengedwa kale. Matimu onse 30, kuphatikizapo Tigers yomwe, anamudumpha kangapo. Ndiye wina akakuuzani motsimikiza kuti anyamata anayi amene tilandirewo awiri adzakhala akatswiri, mudziwe kuti akulota ali maso. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Mudzamvanso dzina la John Smoltz. Mu 1987 Tigers ndiyo inali yogula: inapereka mnyamata Smoltz ku Atlanta kuti ipeze woponya wachikulire Doyle Alexander. Alexander anapambana masewera 9 osagonja, timu inatenga malo oyamba m'gulu lake, koma Smoltz anakakhala m'gulu la akatswiri olemekezeka a Hall of Fame. Anthu amati, "Mwaona, mwana mmodzi angathe kukhala Smoltz." Zoona. Koma timamukumbukirabe patatha zaka pafupifupi 40 chifukwa zoterezi n'zosowa.

Tsopano taonani bwino matimu amene anapindula aja. Royals ya 2010 inali itagonja masewera 95. Cleveland ya 2002 inali ikuphwasula timu yokalamba. White Sox itapereka Garrett Crochet ku Boston mu Disembala 2024 inali itangogonja masewera 121. Ngakhale Tigers ya 2017, imene ndaidandaula ija, inagonja 98, ndipo kupereka Verlander kunali koyenera, kungoti katundu wolandirayo ndiye anaola. Matimu onsewa anali ndi katswiri pa nthawi imene katswiriyo sakanawafikitsa kulikonse. Ng'ombe yamkaka imodzi m'khola logumuka, kuisinthanitsa ndi ana a ng'ombe anayi n'kwanzeru. Tigers ya lero si yotero. Yafika m'ndime yachipulula zaka ziwiri zotsatizana, 2024 ndi 2025, ndipo zaka zonse ziwirizo inatsala gemu imodzi kuti ilowe m'matimu anayi omaliza. Imeneyi ndi timu imene mabwana akhala akulonjeza kuyambira 2017 kuti ikubwera. Yafika. Kuipereka tsopano mtima wake kuti mudikirenso ana ena n'kuuza anthu kuti phwando lidzakhala mawa, mawa likafika n'kunenanso kuti mawa.

Tiwerengere limodzi. Owerengera baseball ali ndi muyezo wotchedwa WAR, umene umayesa kuti wosewera wabweretsa masewera angati opambana poyerekeza ndi munthu wamba wongotola ku Triple-A. Skubal wakhala akubweretsa pafupifupi 6 pa chaka m'zaka ziwirizi. Pa masewera 162, 6 ikumveka yochepa. Koma mu 2024 Tigers inapambana 86 n'kulowa m'ndime yachipulula, pamene Seattle inapambana 85 n'kutsala kunja. Mu 2025 Tigers inapambana 87, Houston inapambananso 87, ndipo Houston ndiyo inatsala chifukwa cha lamulo lolekanitsa ofanana. Chotsanipo masewera 6, kapena ngakhale 4 poganiza kuti wolowa m'malo mwake si wachabechabe, zaka ziwiri zonsezi mukanaonera ndime yachipulula ya mu Okutobala pa TV anzanu akusewera. Kwa timu yopambana masewera 65, masewera 6 alibe ntchito. Kwa timu yopambana 100 ndi okongoletsa chabe. Kwa timu ya 86 kapena 87 ndi moyo ndi imfa.

Mu Okutobala mtengo wake umakulanso. M'kati mwa sizoni woponya woyamba amaoneka kamodzi pa masewera asanu, maulendo pafupifupi 32 pa chaka. M'ndime yachipulula, chifukwa cha masiku opuma, angathe kuyamba masewera awiri mwa asanu. Timu yofooka pang'ono ikakhala ndi munthu wotere imaopedwa ndi aliyense.

Ine gemu yachisanu ya ku Seattle m'ndime yachipulula, imene wogonja ankatuluka, ya pa 10 Okutobala 2025, ndinaionera kuno kumudzi. Inayamba cha m'ma 2 koloko usiku nthawi yathu. Ndinakhala pa mpando wa pabalaza, foni ili pa chaja, mawu nditatsitsa kuti ndisadzutse ana. Skubal anaponya zigawo 6, anangolola chigoli chimodzi, anatulutsa omenya 13 ndi ma strikeout (kutulutsa womenya atalephera katatu kumenya mpira), ndipo 7 mwa iwo anali otsatizana. Munthu womaliza kukumana naye anali Cal Raleigh, amene chaka chimenecho anamenya ma home run 60, mipira yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda wa bwalo. Umenewo unali mpira wake wa nambala 99 usikuwo, dzanja litatopa, koma unadutsa pa liwiro loposa makilomita 160 pa ola, Raleigh n'kumenya mphepo. Skubal anatsika pachulu paja akukuwa, nkhope itafiira. Ine ndinapezeka ndaimirira ndekha mumdima. Anachoka timu yake ikutsogola 2 kwa 1, zigoli zonse ziwiri zochokera pa home run ya Kerry Carpenter. Chigawo chotsatira Seattle inabweza. Gemu inakoka mpaka chigawo cha 15, kunja kutayera, atambala atasiya kale kulira, ndipo Jorge Polanco anamaliza nkhani, 3 kwa 2.

Anzanu anganene kuti, "Ndiye mwaona, ngakhale ali pompo tinagonja." Angawonjezerenso kuti chaka chapitacho, pa gemu yachisanu ya ku Cleveland, anali Skubal yemweyo amene Lane Thomas anamumenyera home run ya zigoli zinayi. Zonsezo n'zoona. Woponya mmodzi sapereka chikho. Koma taonani chimene chinasowa ku Seattle: timu inasewera zigawo 15 n'kupeza zigoli ziwiri. Vuto linali ndodo. Munthu amene nyumba yake ikudontha denga sagwetsa khoma lolimba kuti agule malata. Amafuna ndalama ya malata kwina. Tigers ikufunika omenya ena ndi oponya ena omaliza gemu, ndipo ana oti aphuke ili nawo kale ake. Kumapeto kwa 2025 Kevin McGonigle ndi Max Clark anali m'gulu la anyamata otchulidwa pamwamba m'dziko lonse. Timu imene nkhokwe yake ya ana ili yodzaza sikufunika kugulitsa katswiri kuti iwonjezere ana. Ikufunika kuti anawo akafika apeze katswiri akadalipo.

Mfundo yolimba kwambiri imene ndimaimva kuchokera mbali inayo ndi Milwaukee Brewers, ndipo sindingaidumphe. Mu Febuluwale 2024 Brewers, ili timu yabwino, inapereka Corbin Burnes, wotsala ndi chaka chimodzi, ku Baltimore. Inalandira Joey Ortiz, DL Hall ndi mwayi umodzi wa draft. Chaka chomwecho inapambana masewera 93 n'kutenganso malo oyamba m'gulu lake, ndipo mu 2025 inapambana 97, kuposa timu ina iliyonse. Tampa Bay Rays nayo yakhala ikuchita zoterezi zaka zambiri. Choncho n'zotheka kupereka katswiri osagwa. Koma pali ziwiri zoti muone. Choyamba, onani katundu amene Brewers inalandira. Ortiz ndi wosewera wothandiza, makamaka pogwira mipira, Hall wakhala akuvutika ndi kuvulala. Umenewo ndiwo mtengo weniweni wa woponya wa Cy Young wotsala ndi chaka chimodzi. Chris Sale anabweretsera White Sox Yoán Moncada ndi Michael Kopech mu 2016 chifukwa anali ndi zaka zitatu pa kontirakiti yotchipa. Crochet anabweretsa anyamata anayi chifukwa anali ndi ziwiri. Amene akulota katundu wa Sale pogulitsa chaka chimodzi cha Skubal adzakhumudwa. Chachiwiri, Milwaukee ndi Tampa Bay amachita zimenezi chifukwa ndalama zawo n'zochepa, ndipo onse awiri sanatengepo chikho cha World Series. Amafika mu Okutobala kawirikawiri, n'kukumana ndi timu imene ili ndi oponya oopsa atatu kapena anayi. Mu 2025 Brewers inagonja masewera onse anayi kwa Dodgers, itangopeza chigoli chimodzi pa gemu iliyonse. Dodgers yo inawapha ndi oponya amtengo wapatali, mtundu womwewo wa anthu amene Milwaukee imawalola kuchoka.

Ganiziraninso za wogula. Timu yofuna Skubal kwa chaka chimodzi ndi timu yofuna chikho chaka chomwecho. Timu yotere sichotsa wosewera amene ikumudalira lero. Imapereka ana amene sakuyithandiza panopa. Ndiye Tigers, imene nayonso ikufuna chikho chaka chomwecho, idzalandira anthu osayithandiza panopa, n'kupereka chida chake kwa mdani amene ingakumane naye mu Okutobala. Zikanakhala kuti timu ina yabwera ndi woponya wachinyamata amene watsimikizika kale mu ligi yaikulu, wotsala ndi zaka zinayi kapena zisanu, pamodzi ndi womenya woti alowa m'timu lero lomwe, kuwonjezeranso mwana mmodzi wa pamwamba, ndikanati Scott Harris, mkulu woyendetsa za osewera ku Tigers, akhale pansi amvetsere. Telefoni kuyankha si kulakwa. Koma katundu wotere wa munthu wa chaka chimodzi ndi wovuta kwambiri kumuona.

Kudikira mpaka Julayi kuli ndi mtengo wake, sindikubisirani. Wogula wa m'Julayi amapeza miyezi iwiri kapena itatu yokha, ndipo lamulo limati wosewera wosinthidwa pakati pa sizoni sabweretsa mwayi wa draft uja akachoka, choncho amalipira zochepa. Kuvulala nakonso kungalowe pakati. Komabe msika wa Julayi suuma, chifukwa pa nthawiyo matimu amakhala ataona chikho ndi maso ndipo mitima imatentha. Seattle inapereka Randy Johnson ku Houston pa 31 Julayi 1998, atatsala ndi miyezi iwiri, n'kulandira Freddy García, Carlos Guillén ndi John Halama, ndipo atatu onsewa anali m'timu imene inapambana masewera 116 mu 2001. Brantley uja anabweranso pa malonda a m'Julayi. Kusiyana kwa mtengo wa Disembala ndi wa Julayi ndiko kumene timu ikulipira kuti ione kaye ngati chaka chino n'chake. Kwa ine mtengo umenewo ndi woyenera kulipira. Ndipo ngakhale mu Julayimo asamathamange. Mu 2024 Tigers inataya mtima n'kupereka Jack Flaherty ku Dodgers, kenako kuyambira pakati pa Ogasiti inapambana masewera 31 mwa 44 n'kulowa m'ndime yachipulula. Flaherty anakathandiza Dodgers kutenga chikho, pamene mphunzitsi wa Tigers A.J. Hinch ankalumikiza zigamba za oponya osiyanasiyana pa masiku amene Skubal sakuponya.

Pali chinanso chimene sichikambidwa mokwanira, ndipo chimandipweteka. Anthu amalankhula ngati n'zodziwikiratu kuti Detroit singathe kumulipira. Banja la Ilitch, eni timuyi, ndi eni akenso a kampani ya pizza ya Little Caesars ndi timu ya hockey ya Red Wings. Malemu Mike Ilitch, amene anamwalira mu 2017, anapatsa Miguel Cabrera kontirakiti ya madola 248 miliyoni, Prince Fielder 214 miliyoni, chifukwa ankafuna kuona chikho ali moyo. Makontirakiti ena mwa amenewo anadzalemera kumapeto, ndipo mwana wake Christopher wakhala wosamala kwambiri ndi thumba. Kupatsa woponya wa zaka 30 kontirakiti ya zaka 8 kapena 9 n'koopsa ndithu, Strasburg ndi mboni. Koma kusafuna n'kosiyana ndi kusatha. Otsatira timu asamathandize eni ake kudzikhululukira. Mzinda umenewu unatenga chikho cha World Series komaliza mu 1984. Unafika mu World Series mu 2006 ndi 2012 n'kubwerako chimanjamanja. Pali anthu a zaka 40 kuntchito kwanu komweko amene sanaonepo timu yawo itanyamula chikho, ndipo ambiri a iwo anapirira zaka za 2017 mpaka 2023 akugula matikiti pa lonjezo lakuti ana akukula. Skubal ndi mmodzi mwa ana amenewo. Ndiye amene anakula kuposa onse.

Ngakhale zitakhala kuti kusaina kwalephereka ndipo mu Novembala 2026 wanyamuka, sindingati timu yamutaya ulele. Idzakhala italandira chaka chathunthu cha woponya woposa onse mu ligi pa nthawi imene chaka chimenecho chili ndi ntchito, kuwonjezapo mwayi wa draft. Milwaukee inadziwa kuti Sabathia sakhalitsa mu 2008, koma iye anapambana masewera 11 n'kugonja 2 okha, ndipo kumapeto ankaponya atangopuma masiku atatu, mpaka anailowetsa timu m'ndime yachipulula koyamba kuchokera mu 1982. Anachoka kupita ku Yankees nyengo yozizira yomweyo. Kufikira lero anthu a ku Milwaukee amamutchula mwaulemu.

Inuyo Achimwene muli ndi mwayi umene ife akuno tilibe. Comerica Park, bwalo la Tigers, ili pakhomo panu. Matimu amalengeza woponya woyamba masiku angapo gemu isanafike, ndiye muwerenge tsiku la Skubal mugule tikiti, makamaka ya kumbuyo kwa wogwira mipira ngati thumba likulola. Pa 25 Meyi 2025, pa bwalo lomwelo, anaponya yekha zigawo zonse 9 polimbana ndi Cleveland, osalola chigoli, ndi ma strikeout 13 pa mipira 94 yokha, ndipo mpira womaliza unali wa makilomita 165 pa ola. Mukakhala pafupi muyang'anitsitse mpira wake wochedwa uja, umene amati changeup. Dzanja limatuluka chimodzimodzi ngati akuponya wothamanga, womenya amayamba kugwedeza ndodo, mpira n'kufika mochedwa ukugwera pansi chakumbali. Pa TV sizioneka bwino. Mudzandilembere mundiuze mmene mwazionera.